Kampanda ka pa Denga

Mwezi wathawu mnyamata wina wa mu mpingo mwathu, amene ndinamphunzitsa mu Sitandade 6 zaka zapitazo, anafika kwathu madzulo a Loŵeruka atapinda kalata m'thumba la malaya. Anali atalembedwa ntchito pa kampani ina ya mu mzinda, ndipo anafuna kuti tiyamike Mulungu pamodzi asananyamuke. Tinayamikadi, pakuti masiku ano kalata yotere siifika pa khomo lirilonse. Titatha kupemphera anandisonyeza mzere wa malipiro, nauloza ndi chala kaŵiri konse. Ine ndinaŵerenga kalata yonse mpaka pansi, ndipo ndinamfunsa kuti, "Nanga mwana wanga, ukadzadwala adzatani nawe?" Iye anaseka nati, "Aphunzitsi, inetu sindidwaladwala." Ndinamfunsanso ngati akudziŵa maola amene adzagwira pa tsiku, ndiponso mpweya umene adzakhala akupuma m'chipinda chosakaniziramo penti chimene anati akamuikamo. Sanadziŵe, ndipo sanaone chifukwa chofunsira.

Sindinamdzudzule, pakuti munthu amene wakhala zaka zitatu pakhomo ndi satifiketi m'sutikesi sakhala ndi mtima wofunsa zambiri. Koma usiku umenewo tulo tinandivuta, chifukwa ndinakumbukira amalume anga.

Achinyamata a lero sadziŵa kukula kwake kwa ulendo wa ku Joni. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalaŵi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, ndipo ambiri ankapita kudzera ku bungwe lolemba anthu lotchedwa Wenela. M'chaka cha 1974 ndege imene inanyamula anthu obwerera kwao inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, nipha Amalaŵi oposa 70, ndipo boma lathu linaimitsa ulendowo. Unayambanso mu 1977, nudzatheratu mu 1988. Amalume anagwira ntchito pa mgodi wina wa golide m'zaka zotsirizazo. Ndinali mwana wa sukulu pamene anabwera komaliza, ndipo sindidzaiŵala tsikulo: njinga yatsopano, wailesi ya mabatire, mabulangete olemera, ndi bokosi lachitsulo limene ife ana sitinkaloledwa kulikhudza. Chaka chomwecho anafolera nyumba yao ndi malata, yoyamba m'mudzi mwathu.

Madzulo pa moto ankatisimbira za kumeneko, ndipo sankadandaula konse. Ankati pa komboni panali chipatala, nyama inkapezeka, kunali bwalo la mpira, ndipo tsiku la Sabata mitundu ya anthu inkapikisana pa magule. Ankati poloŵa ntchito dokotala ankawayeza mosamala ngati munthu amene akugula ng'ombe yokokera ngolo. Ife tinkamvetsera kukamwa kuli yasa, ndipo tinkaganiza kuti palibenso mabwana ena osamala anthu ao koposa amenewo.

Patapita zaka zingapo chifuwa chinayamba. Munthu amene ankatsiriza ndime dzuŵa lisanafike pamutu anayamba kupumula pakati pa mzere umodzi, atatsamira khasu. Analandira mankhwala a chifuwa chachikulu, napeza bwino pang'ono, nadwalanso. Pamenepo m'mudzi munabuka manong'onong'o akuti awalodza chifukwa cha malata aja, ndipo abale aŵiri obadwa bere limodzi anakhala zaka osadyera mbale imodzi chifukwa cha mau amenewo. Pambuyo pake dokotala wina, ataona chithunzi cha m'chifuwa mwao, anangofunsa funso limodzi lokha: "Kodi bambo, munagwirapo ntchito mu mgodi?"

Nthenda imeneyi madokotala amaitcha silicosis. Poboola ndi pophulitsa mwala umene muli golide, pamatuluka fumbi losalala kwambiri, loti maso saliona. Fumbilo limaloŵa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo, ndipo thupi polimbana nalo limapanga zipsera. Zipserazo zimaumitsa mapapo pang'onopang'ono, kotero kuti munthu amatha kuchoka pa ntchito ali wooneka wamphamvu, nthenda n'kudzaonekera patapita zaka khumi kapena kuposa. Iribe mankhwala oichiza, ndipo imatsegulira khomo chifuwa chachikulu. Koma njira zoipeŵera zinali zodziŵika kale lomwe: kuthira madzi poboola mwala, kuloŵetsa mphepo yokwanira pansi, kuyeza kuchuluka kwa fumbi, ndi kumchotsa munthu pa fumbi zizindikiro zikangoyamba. Amalume anali ndi bwalo la mpira ndi magule pamwamba, koma pansi, pamene ankakhala tsiku lonse, fumbi linali lomwelo.

M'chaka cha 2016 khoti lalikulu la ku Johannesburg linalola kuti anthu amene anadwala m'migodi ya golide asumire pamodzi ngati gulu. Mu 2018 makampani asanu ndi limodzi anavomera kupereka ndalama pafupifupi marandi 5 biliyoni, ndipo khoti linatsimikiza chimvanocho mu 2019. Panakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust loti lizilipira odwala silicosis ndi chifuwa chachikulu amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo kuyambira mu 1965, pamodzi ndi amasiye ao, ngakhale a m'maiko oyandikana nawo. Ndi chinthu chabwino, ndipo mabanja amene ali ndi mapepala a ku mgodi asawataye. Koma amalume anali atagona kale m'manda. Akuluakulu ananena kuti pepani sapoletsa chilonda.

Tsono titsegule Mau a Mulungu. Pa Deuteronomo 22:8 pali lamulo laling'ono limene sindikumbukira kuti ndinamvapo likulalikidwa. Nyumba za Aisraele zinali ndi denga lathyathyathya, ndipo anthu ankakwerapo kukayanika zinthu, kukacheza, ngakhale kukagona nthaŵi yotentha. Tsono Mulungu analamula kuti womanga nyumba yatsopano amange kampanda kuzungulira dengalo, kuti wina akagwa mlandu wa mwazi usakhale pa nyumbayo. Taonani bwino, abale. Lamulo silinati mwini nyumba aziwachenjeza alendo ake kuti ayende mosamala. Kuchenjeza n'kotchipa, pakuti kumangofuna malovu. Linati amange, ndipo kumanga kumadya njerwa ndi thukuta la mwini nyumbayo. Chimodzimodzinso lamulo la Sabata monga lalembedwa pa Deuteronomo 5: chifukwa chimene chaperekedwa pamenepo n'chakuti wantchito wamwamuna ndi wamkazi apumule monga apumulira mbuye wao. Ndipo m'buku la Rute timaona Boazi akusunga mitsuko ya madzi akumwa m'munda mwake, akudya pamodzi ndi okolola, ndiponso akuletsa anyamata ake kuti asamvute mkazi wachilendo amene analibe womteteza. Madzi, chakudya, mpumulo, ndi chitetezo cha mkazi pa ntchito: zonsezi ziri m'Baibulo, ndipo zinalembedwa kusanakhale kampani iriyonse.

Ngakhale m'dziko limene linatitumizira Uthenga Wabwino phunziroli linavuta kuloŵa. Tonse timadziŵa kuti David Livingstone anabadwa mu 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndi kuti ali ndi zaka khumi analoŵa ntchito m'fakitale ya thonje, kumalumikiza ulusi woduka kuyambira 6 koloko m'maŵa mpaka 8 koloko usiku, kenaka n'kupita ku sukulu maola ena aŵiri. Timakonda kusimbira ana nkhaniyi pofuna kuwalimbikitsa khama, ndipo nanenso ndaisimba kosaŵerengeka m'kalasi. Koma sitidzifunsa za ana anzake amene anaimirira naye pa makina omwewo maola khumi ndi anai, amene maina ao sanalembedwe m'buku lirilonse.

Kumtunda kwa mtsinje womwewo, ku New Lanark, kunali fakitale ina ya thonje imene Robert Owen anayamba kuiyang'anira mu 1800. Iye analeka kulemba ana osakwana zaka khumi, anachepetsa maola a ntchito, anasunga thumba lothandiza odwala, ndipo anaika sitolo yogulitsa zinthu zabwino pa mtengo wotsika. Mu 1816 anatsegula nyumba ya maphunziro imene inkalandira ngakhale tiana tating'ono pamene amayi ao anali pa makina. Nthaŵi ina thonje la ku America litasoŵa, makina anaima miyezi inai, koma iye anapitiriza kulipira antchito ake malipiro athunthu. Ndipo fakitaleyo inkapindulabe. Chimene chimandichititsa manyazi n'chakuti Owen sanali wopembedza; mu 1817 ananyoza zipembedzo poyera pa msonkhano wa ku London, pamene eni mafakitale ambiri amene ankakhala pa mipando ya kutsogolo m'tchalitchi ankakanira kusintha. Kunena mwachilungamo, analiponso Akhristu amene anamenya nkhondo yomweyo, monga Lord Ashley, amene analimbikira mpaka lamulo la maola khumi la akazi ndi achinyamata a m'mafakitale linavomerezedwa mu 1847. Koma linachedwa ndithu.

Masiku ano nkhani ya thanzi la antchito yafika m'maofesi ambiri, ndipo ana athu a m'tauni amatisimbira za izo. Kwina anamwino amabwera kudzayeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Kwina antchito amavala zovala za maseŵera Lachisanu madzulo n'kumadumpha pa bwalo. Kwina kuli mlangizi amene munthu wolemedwa mtima angalankhule naye mwachinsinsi, ndipo kwina kampani imalipirako ku chipatala. Sindikunyoza chirichonse cha zimenezi. Kuthamanga kwa magazi kumapha mwakachetechete, ndipo munthu amene wadziŵa msanga wapulumuka; amene ali ndi mwai woyezedwa ayezedwe. Koma tisafulumire kuwomba m'manja. Pa yunivesite ya Illinois ku America anachita kafukufuku pa antchito pafupifupi 5,000. Ena anawapatsa mwai woloŵa m'dongosolo la kuyezedwa, malangizo ndi maseŵera, ena ai, ndipo kusankhako kunali kwa maere. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2019 zinasonyeza kuti panalibe kusiyana kooneka pa ndalama za ku chipatala kapena pa masiku ojomba, ndiponso kuti amene ankathamangira dongosololo anali anthu athanzi kale. Ine monga mphunzitsi sindinadabwe. Ndikaitana makolo ku msonkhano, amene amabwera ndi a ana okhoza bwino.

Yerekezani zimenezo ndi zimene zinachitika pa nthaŵi ya mliri wa Edzi. Mu 2001 kampani ya migodi ya daimondi ya Debswana ku Botswana inayamba kulipirira antchito ake odwala mankhwala a ma ARV, ndipo mu 2002 kampani ya Anglo American inalengeza kuti idzapereka mankhwalawo kwa antchito ake ku South Africa. Nthaŵi imeneyo mankhwalawa anali okwera mtengo, ndipo kuno kwathu anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala zambiri mu 2004. Eni makampaniwo sanabise kuti anaŵerengetsera, napeza kuti kusunga munthu waluso ndi moyo n'kwabwino kuposa kumuika m'manda n'kuphunzitsa wina. Chifukwa chake chikhale chimenecho kapena china, anthu amene anali chigonere anadzuka nabwerera ku ntchito, ndipo ana ao sanakhale amasiye. Uku kunali kumanga kampanda, osati kungochenjeza.

Mwina wina akuŵerenga akuti, "Zimenezo n'za eni migodi ndi makampani, ife tiribe antchito." Nanenso ndinkatero. Tsono mundilole ndiulule tchimo langa.

Chaka china ndinali ndi mnyamata m'kalasi amene anayamba kuwodzera pa phunziro la masamu masiku atatu otsatizana. Tsiku lachitatu ndinamkalipira, ndipo pa nthaŵi yopuma ndinamuitana. Atazengereza anandiuza kuti atate ake akudwala malungo, ndiye iyeyo ndi amene akuwagwirira ntchito usiku, chifukwa akajomba adzawadula malipiro. Ndinamfunsa kumene atate akewo amagwira. Anandiyang'ana modabwa, pakuti anaganiza kuti ndikudziŵa. Anali mlonda wa pa tchalitchi chathu, ndipo ine ndinali mmodzi wa komiti imene inapangana naye za malipiro.

Ndinapita kunyumba ndi kukaŵerengetsera pa pepala. Bamboyo ankafika 6 koloko madzulo n'kuŵeruka 6 koloko m'maŵa, masiku onse asanu ndi aŵiri. Amenewo ndi maola 84 pa sabata. Analibe jasi la mphepo ya mwezi wa June, analibe chodzitetezera ku udzudzu, ndipo chiyambire sanapumulepo usiku ndi umodzi womwe, ngakhale wa Sabata, umene ife tinkaphunzitsa ana a kalasi kuti ndi wopatulika. Mu 2021 bungwe la za umoyo la dziko lonse la WHO pamodzi ndi la za ntchito la ILO analengeza kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata kumawonjezera ngozi ya sitiroko ndi nthenda ya mtima, ndi kuti m'chaka cha 2016 chokha anthu pafupifupi 745,000 anamwalira chifukwa cha zimenezi. Mlonda wathu ankapyola malire amenewo ndi maola 29.

Ndipo si chikumbumtima chokha chimene chinkatitsutsa. Lamulo la dziko lino la za ntchito la chaka cha 2000 linaika maola 48 pa sabata monga muyeso, ndi tsiku lathunthu lopumula munthu akagwira masiku asanu ndi limodzi. Linanenanso kuti wantchito amene watha chaka ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda: masabata anai pa malipiro athunthu, ndi masabata ena asanu ndi atatu pa theka la malipiro. Mayi woyembekezera linampatsa masabata asanu ndi atatu a uchembere pa malipiro athunthu, kamodzi pa zaka zitatu. Palinso lamulo la 1997 lonena za chitetezo ndi thanzi pa malo a ntchito, ndi lina la 2000 la chipukutamisozi cha wovulala pa ntchito. Mpingo sunapatulidwe pa malamulo ameneŵa. Ife akulu a mpingo tinali kuwaswa osadziŵa, ndipo ena mwa ife tinali oyamba kudandaula za mabwana athu ku ntchito kwathu.

Nditaitula nkhaniyi pa msonkhano wa akulu, sinayende mosalala. Mkulu wina, munthu wabwino ndi wopereka mowoloŵa manja, anafunsa kuti ndalamazo zichokera kuti pamene tikusonkherana za simenti ya tchalitchi chatsopano. Wina anati bamboyo sanadandaulepo. Zimenezo zinali zoona, koma ndani angadandaule pamene pa chipata pali anthu khumi ofuna malo ake? Amayi a Chigwirizano ndiwo anatichotsa manyazi, pakuti asanathe n'komwe makambirano athu iwo anali atagula kale jasi ndi tochi. Pambuyo pake tinagwirizana kuti papezeke munthu womlandira usiku umodzi pa sabata, ndi kuti akadwala malipiro ake asadulidwe. Za kuchepetsa maola a usiku uliwonse sitinamvanebe mpaka lero, ndipo nkhaniyo imabweranso pa misonkhano yathu.

Makolo anzanga, ambiri a ife tiri ndi wina pansi pa denga lathu. Alipo mtsikana amene tinamtenga kumudzi, amene amadzuka tambala woyamba n'kugona onse atagona, naphika tsiku lonse m'khitchini yopanda zenera pamene utsi wa nkhuni umamlasa m'maso ndi m'chifuwa. Akadwala timati wayamba ulesi, ndipo akadwalitsa timamkweza basi kuti akachirire kwao. Alipo mnyamata amene timamtuma kukapopera mankhwala m'dimba ali chifuwa pamtunda, wopanda nsapato kapena chophimba kukamwa, pomwe pa botolo palembedwa chenjezo limene iye satha kuliŵerenga koma ife timatha. Alipo aganyu amene amalima kuyambira m'bandakucha popanda chigubu cha madzi pa mphepete pa munda. Kuboola zenera m'khitchini sikufuna msonkhano wa Sinodi. Timanena kaŵirikaŵiri kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ana athu omwe akutiona m'mene timachitira ndi anthu ameneŵa. Tsiku lina ena a iwo adzakhala ndi antchito mazana pansi pao.

Inu achinyamata, sindikuti mukane ntchito, ndiponso sindikuti mukaloŵe ndi mwano. Koma safunsa anadya phula. Mukalandira kalata, iŵerengeni yonse. Funsani mwaulemu za maola, za tsiku lopumula, za chimene chimachitika munthu akadwala kapena akavulala, ndi za zovala zodzitetezera. Zovalazo zikaperekedwa zivaleni, ngakhale kutenthe ndipo anzanu akuseke. Sungani pepala lirilonse losonyeza kumene munagwira ndi zaka zake, pakuti nthenda zina zimadza mochedwa monga ya amalume, ndipo pa tsikulo pepala ndilo lidzakulankhulirani.

Mafunso omweŵa ndinamlembera mnyamata uja kuseri kwa envelopu yake. Sabata yatha anandiimbira foni. Akuti kampaniyo iri ndi timu ya mpira, ndipo amuika kale kukhala wotchinga kumbuyo. Chophimba kukamwa amapatsidwa chimodzi pa sabata, koma chokupizira mphepo cha m'chipinda cha penti chinafa iye asanafike, ndipo madzulo amaŵeruka mutu ukumuŵaŵa. Akuopa kulankhula chifukwa akadali m'miyezi yoyesedwa. Ndamlangiza kuti ayambe wakambirana ndi anzake amene akhalitsa m'chipindamo, kuti akanene pamodzi kwa kapitao ndi kulemba tsiku limene ananena, ndipo ndamkumbutsa kuti boma liri ndi ofesi ya za ntchito imene iri ndi mphamvu yoyendera malo otere. Wati ayesa. Ndamuuzanso kuti mutuwo ukapitirira asadikire tchuthi, apite ku chipatala akanene poyera ntchito imene amagwira, ndipo ndidzamuimbiranso kumapeto kwa mwezi uno.